Ndi Fiyore Chabe

Kuno ku Siyaso aliyense ali ndi fiyore yake.
Magetsi akathima timatula zowotcherera pansi,
fiyore n'kumatuluka ngati ngumbi mvula itakata.
Mudzingwa akuti timu yake idagonja
chifukwa wina adakwirira dzira pagolo.
Kachepa akuti makhwangwala a pa Kopje
amadziwiratu tsiku lokwera mtengo wa buledi.
Timaseka, timapatsirana ndudu imodzi.
Fiyore yotere sifuna lisiti:
waitola m'mawa pa Mbare Musika,
madzulo waiiwala pampando wa kombi.

Tsono Tinyade, mwana wanga wachiwiri,
uja amakwera makombi awiri kukaphunzira ku Mount Pleasant,
adabwera Loweruka ndi timabotolo tinayi m'chikwama
natunga m'chitsime changa.
Changa ndithu. Ndidakumba ndekha kuseri kwa nyumba ku Glen View
chaka chomwe mipopi idayamba kutsokomola mpweya,
mamita asanu ndi awiri, mpaka mpini wa piki kuthyoka.

Lachinayi adati, Ababa, madziwa musamwenso osawiritsa.
Ndidatunga m'tambula, n'kuyikweza kudzuwa.
Mbee!
Tizilombo takoto tili pati?
Adayamba kufotokoza za majeremusi,
ine m'zonsezo ndidagwira liwu limodzi lomwe ndimalidziwa
n'kumuponyera ngati chidutswa cha chitsulo:
Wanena wekha. Ndi fiyore chabe.

Sadapse mtima. Adavundikira ndowa, n'kukhalapo.
Ababa, geti lija la sukulu ya ku Highfield,
mudalipereka litangozizira?
Ayi, ndidatero. Ndimayamba ndalimenya ndi hamala.
Ndimalikwera ndekha,
kenako ndimaitana Kachepa ndi chimimba chakecho alendewerepo.
Likapanda kuthyoka?
Ndimamenyanso pena.

Basi, adatero, ku labu liwuli timapatsa geti lotero.
Ganizo longobadwa kumene lili ndi dzina lina, lachibwana.
Kuti lifike potchedwa fiyore
alimenya anthu osadziwana,
a zilankhulo zosamvana,
kwa zaka zoposa zanu kuphatikiza za agogo,
aliyense akufunitsitsa lithyokere m'manja mwake kuti atchuke.
Nanga likadzathyoka mawa?
Tidzawotchereranso, mwina tidzalitaya.
Koma mpaka lero silinatekeseke,
ndipo ndi lomwe latseka mpanda wa adzukulu anu.

Ndidakanda kumutu, ndidati dzuwa lapita.
Munthu wamkulu sagonja mwana akuona.

Usiku onse atagona ndidatuluka ndi tochi ya pafoni.
Kuchokera pachitsime kukafika pomwe suweji imaphulika mvula ikagwa,
mapazi khumi ndi anayi.
Ndidawerenganso pobwerera,
ndikufupikitsa dala mayendedwe.
Khumi ndi asanu ndi limodzi.
Sizidanditonthoze.

Liwu lomweli, taonani.
Kwa ife limavala ovolosi yong'ambika,
limakhala pa tayala kudikira magetsi.
Kwa Tinyade lavala zipsera za hamala thupi lonse
ndipo likadali chilili.
Ndani adawapatsa dzina limodzi anthu awiriwa?
Kapena zili ngati ine:
ku Siyaso ndine Achimwene, aliyense amandiitana ndi mluzu,
m'kalata zochokera ku Dedza ndine mwini mbumba,
mawu anga amathetsa mlandu.

Lolemba ndidapita kuntchito ndi chigubu chonunkha utsi,
poti tidawiritsa pankhuni, magetsi kunalibe.
Mudzingwa adapempha, adamwa, adakwinya nkhope.
Madzi a chitsime chako chotchuka chija atani?
Ndidati, Ndi fiyore.
Adaseka mpaka kutsamwa,
n'kuyamba yake yatsopano, ya chifukwa chomwe akazi a ku Budiriro sakalamba.

Ndidamusiya aseke.
Mpaka pano sindinaonepo kachilombo ngakhale kamodzi.
Koma magetsi atabwera chakumadzulo
ndidamaliza chitseko cha kasitomala,
ndidatenga hamala,
ndipo ndidachimenya nthawi yaitali kuposa masiku onse.